Mwana Akatentha Thupi Masiku Atatu Koma Si Malungo: Dziwani Matenda a MIS-C

M'makomo ambiri muno mu Lusaka, mwana akangotentha thupi mau oyamba amene makolo amanena ndi akuti "malungo". Ena amathamangira ku kantemba kukagula Panado, ena amamupatsa mankhwala amene anatsala m'nyumba. Kawirikawiri mwanayo amacira, koma si nthawi zonse. Pali matenda ena amene amayamba ngati malungo, kapena ngati kutsegula m'mimba wamba, koma pamasiku ocepa amafooketsa mtima wa mwana. Madokotala amawachula kuti MIS-C. Matendawa sagwira ana ambiri, ndipo amacizika ngati mwana wafika msanga ku cipatala.

Kodi matendawa ndi otani?

MIS-C ndi cidule ca mau a Cingerezi akuti Multisystem Inflammatory Syndrome in Children. Tanthauzo lake ndi kutupa kwa ziwalo zingapo za m'thupi la mwana pa nthawi imodzi. Ziwalo zimene zimakhudzidwa kwambiri ndi mtima, mitsempha ya magazi, matumbo, khungu, maso, impso ndi ubongo.

Matendawa amabwera pambuyo pa COVID-19. Kacirombo ka korona kakalowa m'thupi, asilikali a m'thupi amadzuka kuti amenyane nako, ndipo mwa ana ambiri nkhondoyo imatha bwino. Koma mwa ana ocepa asilikaliwa saleka kumenya ngakhale mdani atapita kale, ndipo amayamba kuononga thupi lomwe amayenera kuliteteza. Zimenezi zimaoneka patapita masabata 2 mpaka 6 kucokera pamene kacirombo kanalowa.

Apa ndi pamene makolo ambiri amasocera. Ana ambiri akatenga korona sadwala kwambiri: ena amangokhala ndi kacimfine, ena saonetsa ciliconse. Tsono mwana akadwala patapita mwezi wathunthu, palibe amene amakumbukira kacimfine kaja, kapena agogo aja anatsokomola masiku angapo m'nyumba. Dziwaninso kuti MIS-C yeniyeniyo si yopatsirana. Mwana wodwala sangaipatse azibale ake, pakuti vuto lili m'citetezo ca thupi lake.

Anadziwika bwanji?

Kuno ku Zambia, anthu oyamba kupezeka ndi COVID-19 analengezedwa pa 18 March 2020. Mwezi wotsatira, mu April, madokotala a ku London anaona ana angapo akubwera ndi thupi lotentha, m'mimba mopweteka ndi mtima wofooka, ndipo anacenjeza anzao. Posakhalitsa ana otere anaonekanso ku Bergamo m'dziko la Italy ndi ku New York. Pa 15 May 2020 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yozindikirira matendawa mwa ana ndi acinyamata a zaka zosapitirira 19. M'caka comweco madokotala a pa Red Cross War Memorial Children's Hospital ku Cape Town anafotokozanso za ana amene anawathandiza. Conco si matenda a maiko a azungu okha.

Madokotala anaona kuti matendawa akufanana ndi ena akale ochedwa Kawasaki, amene dokotala wa ku Japan, Tomisaku Kawasaki, anawafotokoza mu 1967. Kusiyana kwake n'kwakuti Kawasaki imakonda ana osakwana zaka 5, pamene MIS-C imagwira kwambiri ana a msinkhu wa ku pulayimale, ndipo imapweteketsa m'mimba ndi kufooketsa mtima kawirikawiri. Ngakhale zili tero, makanda ndi acinyamata nawonso angathe kudwala.

Zizindikiro zofunika kuziyang'ana

Cizindikiro coyamba ndi kutentha thupi, madigiri 38 kapena kuposa, kumene kwatha masiku atatu. Panado amatsitsa kutenthako kwa maola ocepa, kenaka kumabwereranso. Pamwamba pa kutenthaku mwana amakhala ndi zina mwa izi:

1. Kupweteka kwambiri m'mimba, kusanza kapena kutsegula m'mimba.
2. Maso ofiira onse awiri, koma opanda manthongo.
3. Zidzolo kapena mawanga pakhungu. Pakhungu lakuda mawangawa saoneka msanga, conco yang'anani pa kuwala kwa dzuwa, makamaka m'manja, kumapazi, pacifuwa ndi pamimba.
4. Milomo yofiira ndi yong'aluka, ndi lilime lofiira kwambiri.
5. Manja ndi mapazi otupa.
6. Mwanabere m'khosi.
7. Mutu wopweteka, kufooka kodabwitsa, kapena kusokonezeka maganizo.

Sikuti mwana aliyense amakhala ndi zonsezi, ndiponso sizibwera tsiku limodzi. Lero angadandaule m'mimba, mawa maso afiira, mkuja zidzolo zatuluka. Ngati kutentha thupi kwatha masiku atatu ndipo mwaona ziwiri mwa zizindikirozi, mwanayo aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo.

Matenda amene amafanana nao

MIS-C imasokoneza ngakhale a cipatala, cifukwa imafanana ndi matenda amene tinazolowera. Kutentha thupi ndi kusanza kumafanana ndi malungo. Kupweteka m'mimba ndi kutentha kwa masiku ambiri kumafanana ndi tayifodi. Maso ofiira ndi zidzolo zimafanana ndi cikuku. Kutsegula m'mimba kumakumbutsa anthu kolera, imene inavuta Lusaka kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024, ngakhale kuti kolera kawirikawiri siitenthetsa thupi. M'maiko ena ana ena anafika pocitidwa opaleshoni ya apendikisi, madokotala n'kupeza kuti vuto linali lina.

Cifukwa ca ici palibe kholo limene lingazindikire matendawa lili panyumba. Ngati ku kiliniki apima malungo ndipo sanawapeze, musakhazike mtima pansi n'kunena kuti basi mwana alibe kanthu. Funsani kuti tsono cikutenthetsa thupi n'ciani, ndi kuti mubwerenso liti. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati mwana wapatsidwa mankhwala ndipo patapita tsiku limodzi kapena awiri sakupeza bwino, bwererani nayenso. Palibe namwino amene ayenera kukudzudzulani cifukwa cobweranso ndi mwana wodwala.

Zizindikiro zoopsa: musadikire kuti kuce

Mtima ukayamba kufooka, magazi safika mokwanira ku ziwalo. Mwana angathe kuoneka bwinoko m'mawa koma pofika madzulo ali kayakaya. Nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, mukaona cimodzi mwa izi:

Kupuma mofulumira kapena movutikira, kupweteka pacifuwa, manja ndi mapazi ozizira pamene thupi likutentha, milomo, lilime kapena zikhadabo zotuwa, kugona kwambiri kosadzuka bwino mukamuitana, kulankhula zosamveka, kukomoka, cizungulire akaimirira, kusanza ciliconse cimene wamwa, kapena kusakodza kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Pali kapimidwe kapafupi kamene mungacite. Kanikizani cikhadabo ca mwana mpaka ciyere, kenaka muleke. Mwa mwana amene magazi akuyenda bwino, mtundu wake umabwerera nthawi yomweyo. Ngati mwawerenga mpaka katatu usanabwerere, ndipo manja ndi ozizira, mwanayo afunika thandizo lacangu.

Mupite kuti?

Ngati mwana akutentha thupi koma akumwa, akulankhula ndi kuyenda, yambirani ku kiliniki ya kwanu, monga ya Kabwata kapena ya Chelstone, kapena ku zipatala za Chilenje, Chawama, Kanyama, Matero ndi Chipata. Iwo adzamupima, ndipo akaona kuti pafunika adzakulemberani kalata yopita ku cipatala cacikulu.

Koma mwana amene ali ndi zizindikiro zoopsa afunika cipatala cimene cingapime mtima ndi kusamalira odwala kwambiri. A ku Kabwata, Woodlands ndi pakati pa tauni ali pafupi ndi cipatala ca ana ca UTH. A ku Chelstone ali pafupi ndi cipatala ca Levy Mwanawasa, pa msewu wa Great East. A ku Kabulonga angasankhe cimene angafikeko msanga malinga ndi kuculuka kwa magalimoto. Mukafika musaime ku mapeto a mzere n'kukhala cete. Pitani kwa namwino amene akulandira odwala mumuuze kuti mwana sakupuma bwino kapena sakudzuka. Ana odwala kwambiri amaonedwa poyamba.

Panjira mufunditseni nsalu yopepuka. Ngati akutha kumwa mupatseni madzi a moyo pang'onopang'ono, koma musathire kanthu m'kamwa mwa mwana amene wakomoka. Musamupatse Aspirin panyumba, cifukwa mwa ana odwala matenda a tizirombo monga cimfine angathe kuononga ciwindi ndi ubongo. Kufukiza, kutema mphini kapena kumwetsa zitsamba kumangotayitsa nthawi imene mtima wa mwana ukuifuna.

Zimene muyenera kuuza dokotala

Mau a mayi kapena bambo ndi amene amatsegula maso a dokotala. Nenani tsiku limene kutentha thupi kunayamba, ndi zizindikiro zonse m'ndondomeko yake, ngakhale zimene zatha kale, monga zidzolo zimene zinaoneka dzulo. Nenani mankhwala onse amene mwana wamwa, kuphatikizapo a kwa asing'anga, popanda manyazi. Coposa zonse, kumbukirani miyezi iwiri yapitayo: kodi mwanayo anadwalapo cimfine kapena cifuwa? Kodi m'nyumba, ku sukulu kapena ku maliro kumene munapita kunali wina wodwala korona? Nenani zimenezi ngakhale sanakufunseni. Ngati mwana ndi wamng'ono, tengani khadi lake la ku sikelo.

Zimene amacita ku cipatala

Palibe kupima kumodzi kumene kumaonetsa MIS-C. Madokotala amaphatikiza zizindikiro ndi zotsatira za magazi, ndipo amayamba atsimikiza kuti si malungo, tayifodi, kapena tizirombo tina m'magazi. Amapima magazi kuti aone kukula kwa kutupa, mmene impso ndi ciwindi zikugwirira nchito, ndi mmene magazi akuundanira. Amapimanso korona, koma kupima kwa m'mphuno kawirikawiri sikupeza kanthu cifukwa kacirombo kanacoka kale. Mtima amauona ndi makina a ECG ndi sikani.

Thandizo loyamba ndi kucirikiza moyo. Mwana amapatsidwa mpweya wa okosijeni ngati akuufuna, ndi madzi a m'diripi. Madziwa amaperekedwa mosamala, pang'onopang'ono, pakuti mtima wofooka ukapatsidwa madzi ambiri mwadzidzidzi amadzaza m'mapapo. Conco musadabwe mukaona namwino akuyang'ana diripi kawirikawiri, ndipo inu musaikhudze kuti ithamange. Ngati BP yatsika kwambiri, amaonjezera mankhwala olimbitsa mtima monga adrenaline. Amayambanso mankhwala opha mabakiteriya podikira zotsatira, cifukwa poyamba n'kovuta kusiyanitsa.

Kenaka amapereka mankhwala oziziritsa asilikali a m'thupi aja. Oyamba ndi a gulu la steroid, monga methylprednisolone. Mu November 2021 WHO inalangiza kuti ana ogonekedwa ndi MIS-C azipatsidwa mankhwala a gulu limeneli, amene ndi otsika mtengo ndipo amapezeka m'zipatala zambiri. Ena ndi IVIG, mankhwala opangidwa kucokera m'magazi a anthu ambiri opereka magazi, amene amalowa kudzera m'diripi kwa maola angapo. Awa ndi okwera mtengo. Madokotala amaperekanso Aspirin wa mlingo wocepa kuti magazi asaundane. Uyu ndi wosiyana ndi wogula pa kantemba, cifukwa mlingo wake amauwerengera malinga ndi kulemera kwa mwana ndipo amamuyang'anira.

Ana ambiri amayamba kupeza bwino pamasiku ocepa. Ku America, kumene anawerenga ana oposa 9,000 odwala matendawa, amene anamwalira anali pafupifupi mwana 1 mwa ana 100 alionse. Ngozi imakula pamene mwana wafika mocedwa.

Mwana akatuluka m'cipatala

Nchito ya makolo sithera pakhomo la wodi. Mankhwala a steroid sasiyidwa mwadzidzidzi: dokotala amacepetsa mlingo pang'onopang'ono, ndipo mutsatire monga walembera. Pitani ku masiku onse obwereza, ngakhale mwana akuoneka wamphamvu, cifukwa mwa ana ena mitsempha yodyetsa mtima imafufuma mosaoneka kunja, ndipo sikani yokha ndi imene ingaonetse. Mwana amene mtima wake unakhudzidwa asasewere mpira kapena kuthamanga mpikisano kwa miyezi itatu kapena kuposa, kufikira dokotala atamulola. Dziwitsani aphunzitsi ake. Ngati analandira IVIG, uzani a ku sikelo asanamubaye katemera wa cikuku, pakuti katemerayu afunika kudikira miyezi ingapo kuti agwire bwino nchito.

Kodi matendawa akalipo?

Pa 5 May 2023 WHO inalengeza kuti COVID-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Kuyambira pamene mtundu wa Omicron unafika kumapeto kwa 2021, ana odwala MIS-C anacepa kwambiri, pakuti ana ambiri tsopano ali ndi citetezo. Kafukufuku wa ku America wa mu 2022 anaonetsanso kuti acinyamata amene analandira katemera anali otetezeka kwambiri ku matendawa. Koma kacirombo ka korona kakali pakati pathu, ndipo matenda akasowa anthu amaiwala msanga maonekedwe ake. Matenda a Kawasaki nawonso sanathe, ndipo zizindikiro zake n'zofanana.

Makolo ndi olera ana, sungani mfundo izi. Kutentha thupi kwa masiku atatu pamodzi ndi m'mimba mopweteka, maso ofiira kapena zidzolo, mwana apite ku cipatala. Malungo akapanda kupezeka, funsani cimene cikudwalitsa mwana. Manja ozizira, kupuma movutikira ndi kusadzuka bwino, nyamukani usiku womwewo. Ndipo mukafika, chulani cimfine ca mwezi watha cija. Uzaninso anansi anu ndi amene amatsala ndi ana masana inu mukapita ku nchito.