Mtengo wa m'tchire si shoki ya boneti

Abale anzanga, pali chizolowezi china chimene chamera mizu pakati pa eni galimoto m'dziko muno, ndipo ine chimandichititsa nthumanzi. Galimoto ikavuta panjira, dalaivala amatsegula boneti, kuthyola mtengo m'tchire, kuchirikiza, kenaka n'kulowetsa mutu mu injini ngati palibe chingachitike. Ku Kabwazi m'boma la Dedza, kumene mapikiapu ndi maminibasi amanyamula kachewere, nyemba ndi kabichi kupita nazo ku misika ya ku Lilongwe, zoterezi n'zosasowa. Chitseko cha kumbuyo kwa minibasi achichirikiza ndi mpini wa khasu, kunsi kwake mayi awerama akukankha thumba. Nanga mpiniwo utaterereka?

Chimene chimakhala chitafa ndi timipope tiwiri tija amakaniko amati mashoki a boneti. Mapikiapu ambiri ali ndi kachitsulo kochirikizira basi, koma maboneti a galimoto zina, komanso zitseko za kumbuyo za Toyota Hiace, Probox ndi Sienta, zimadalira mashokiwa. M'kati mwa shoki muli mpweya wa nitrogen wopanikizidwa kwambiri ndi timafuta pang'ono. Labala yotsekera mpweyawo ikadyeka, mpweya umathawa pang'onopang'ono, ndipo fumbi la m'misewu yathu limafulumizitsa kudyekako. Komanso mpweya ukazizira mphamvu yake imachepa. N'chifukwa chake shoki yotopa imene inkanamizira kugwira mu Okutobala imagwetsa boneti m'mawa wa mu Juni kapena Julayi ku Dedza. Palibe za ufiti apa ayi.

Tsono ukawafunsa eni galimoto, yankho lake ndi limodzi: ati masipeya a orijino akwera udyo. Sakunama. Masipeya timaitanitsa kunja, ndipo ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenakanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu wa geni ya kachewere akathamangira ku Malangalanga mu Lilongwe kapena ku Limbe kukafuna sipeya yotsikirako mtengo, ine sindingamudzudzule.

Mfundo yanga ndi yakuti sipeya yopanda dzina la Toyota kapena Nissan siyoipa nthawi zonse. Ngakhale makampani opanga galimoto amagula mashoki oterewa kwa makampani ena odziwa ntchitoyo, monga Stabilus ya ku Germany. Choncho shoki yolembedwa dzina la amene adaipanga, nambala yake ndi mphamvu yake, ikhoza kukutumikirani bwino lomwe. Mdani weniweni ndi feki: katundu wobisala m'bokosi la dzina lotchuka, wopanda chizindikiro chilichonse pathupi pake, amene amafa mwezi usanathe.

Popita kokagula, tengani shoki yakaleyo. Nthawi zambiri pathupi pake pamakhala nambala yothera ndi chilembo cha N, monga 300N, yosonyeza mphamvu imene imakankha nayo. Yatsopanoyo ikhale ya mphamvu yomweyo. Yofooka igwetsa boneti, yamphamvu kwambiri ipotoza mahinjesi ndipo chitseko chizivuta kutseka. Linganizaninso kutalika kwake itatambasuka, ndi mitu yake ya mbali zonse ziwiri. Gulani awiri nthawi imodzi, pakuti mukasintha imodzi yokha imasenza katundu wa awiri ndipo sichedwa kutopa. Za ku sikirapu n'zotchipadi, koma kumbukirani kuti nazonso zataya kale mpweya kwa zaka.

Kuika kwake sikulira garaja yaikulu. Mnzanu agwirire boneti ndi manja awiri, inu mutukule kachitsulo kopana pamutu pa shoki ndi sikuludiraiva, n'kuizula. Yatsopano imangofuna kukanikiza mpaka imveke kuti khe! Ndodo yake yonyezimira iloze pansi pamene boneti yatsekedwa, kuti mafuta azinyowetsa labala ija. Musaipane ndodoyo ndi pulayara, chifukwa ikakandika basi mpweya wapeza potulukira. Yakaleyo musaiboole kapena kuiponya pamoto wa zinyalala, imatha kuphulika n'kuvulaza ana.

Kwa inu amalonda a masipeya, chonde nenani zoona. Ngati katundu ndi wa ku China kapena wadzera ku Dubai, muuzeni kasitomala asankhe yekha malinga ndi thumba lake, ndipo mupatseni lisiti. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziona za ubwino wa katundu. Koma mabungwewa sangaime pakhomo pa sitolo iliyonse. Wogula amene sapempha lisiti wadzimana yekha pokadandaulira.

Nanunso ana a sukulu ndi amayi a geni amene mumakwera maminibasi tsiku ndi tsiku, mukaona chitseko chachirikizidwa ndi mtengo, muuzeni kondakitala achigwire ndi manja musanalowetse mutu. Si mwano ayi. Ndalama ya mashoki awiri siingafanane ndi khosi la munthu. Ndipo inu eni galimoto, funsani, werengani nambala, yezani musanapereke ndalama. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.