Madzi otentha pampopi: kwa Tengani dzuwa likhoza kugwira ntchitoyi

Kwa Tengani, m'boma la Nsanje, kutentha kumatha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, moti wina angafunse kuti madzi otentha ngachiyani kuchigwa kuno. Afunseni mayi amene angochira kumene, ofunika kuthowa thupi, kapena agogo m'mamawa wa mu Juni mphepo ya ku Shire ikuomba. Madziwo amafunika ndithu, ndipo ambiri amatereka pamafuwa ndi nkhuni zochokera kutali, zina kunkhalango ya Matandwe kumene mitengo ikunka nitha.

A m'tauni amadalira giza, thanki imene imatenthetsa madzi n'kuwasunga. Komabe ukatsegula mpopi amayamba kutuluka ndi ozizira, aja anagona m'paipi. Paipi ikatalika, kudikira kumatalikanso, madzi akungotayika.

N'chifukwa chake kunabwera kachipangizo komangirira pashawa, kotenthetsa madzi pomwe akudutsa. Nkabwino, koma nkadyera pa magetsi. Kuti malita atatu pa mphindi akwere ndi madigiri 20, pamafunika mphamvu yopitirira makilowati anayi: kusamba mphindi 15 ndiye kuti yunitsi ya ESCOM yapita. Sola yoyatsira mababu ndi kutchajira foni singayerekeze. Ndipo popeza madzi ndi magetsi zimakumana pamutu pa munthu wosavala nsapato, kachipangizoka kamafuna waya wokhuthala, waya wa ethi ndi mmisiri wodziwadi ntchito. Madzi amchere, amene mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa, amadya msanga chitsulo chotenthetsera cha m'katimo.

Ine ndikuona kuti kuno nzeru ili padenga. Paipi yakuda ya pulasitiki, yotalika mamita 100, ya mamilimita 20 m'kati mwake, imasunga malita pafupifupi 31, ndowa imodzi ndi theka. Ikulungeni ngati nkhata pamalata, dzuwa liiwombe, pofika masana madzi atentha. Mukalumikiza nsonga zake ziwiri ku mgolo woikidwa pamwamba pa paipiyo, madzi amazungulira okha popanda pampu, chifukwa otentha amapepuka n'kukwera, ozizira n'kutsika. Mgolowo ukutidwe bwino ndi masaka odzaza thonje kapena mankhusu a mpunga, osalola mvula kuwanyowetsa, kuti madzi afike madzulo akadali ofunda. Mpopi ukhale pafupi ndi mgolo kuti musamadikire.

Apa m'pofunika kumvetsetsana: madzi ofunda si madzi owira. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa. Madzi a padenga ndi osamba ndi kutsukira basi. Akumwa aziwiritsidwa mpaka kubwadamuka kapena kuthiridwa klorini. Palinso tizilombo totchedwa Legionella, toyambitsa chibayo, timene timaswana m'madzi ofunda ongokhala, a madigiri 20 mpaka 45, ndipo timalowa m'mapapo kudzera m'timadontho touluka pashawa. Choncho mgolo uzitsukidwa, madzi asamakhalitsemo, ndipo a giza asamaitsitse pansi pa madigiri 60.

Madzi a madigiri 60 omwewo amawotcha khungu la mwana m'masekondi ochepa. Posambitsa khanda, yambani kuthira ozizira m'beseni, kenako otentha, muvundule, muyese ndi chigongono musanamuikemo.