Kalumo ka Mlendo Kafunika Lamulo

Makolo athu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mawuŵa ngoona, koma kalumo kakuthwa kakagwidwa mosasamala kamatema mwini wake yemwe. Ndi momwenso zilili nzeru za sayansi zimene zimafika m'dziko muno.

Ambiri akukumbukira njala ya mu 2002. Chimanga china cha thandizo chimene chidabwera nthaŵi imeneyo chinali cha mbewu zimene akatswiri adazisintha chibadwa. Dziko la Zambia lidachikana. Boma la Malaŵi lidachilandira, koma lidalamula kuti chiyambe chagayidwa, kuwopa kuti anthu angachibzale m'minda. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Biosafety Act, loletsa kuloŵetsa kapena kuyesa mbewu zotere m'dziko muno popanda chilolezo.

Lamulo limeneli ndilo lidatsogolera nkhani ya thonje la Bt. Thonjeli adaliika mphamvu yochokera ku kachirombo ka m'dothi kotchedwa Bacillus thuringiensis, kotero kuti mbozi zoboola thonje zikadyako zimafa. Lidayamba kuyesedwa m'munda wotchingidwa ndi mpanda ku Bunda mu 2013, ndipo alimi adayamba kulibzala mu 2019. Kwa munthu wopupuluma kumeneku kunali kuchedwa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ntchito ya boma siithera pa tsiku lopereka chilolezo. Pamenepa titengere phunziro kwa anzathu a ku Burkina Faso. Iwo adayamba kulima thonje la Bt mu 2008, koma mu 2016 adalisiya atawona kuti ulusi wake unali waufupi, ndipo mbiri yabwino ya thonje lawo pamsika wa kunja idayamba kuwonongeka. Mbozi zidachepadi, koma vuto lidatulukira kwina kumene anthu sadali kuyang'anako.

N'chifukwa chake tikupempha akuluakulu a boma ndi alangizi a zaulimi kuti auze mlimi wa ku Chikwawa, Balaka ndi Salima chowonadi chonse. Adziŵe kuti thonje la Bt silipha nsabwe ndi tizirombo tina toyamwa madzi a mbewu, choncho kuyendera munda sikudathe. Adziŵe kuti mbewuyi njogula chaka ndi chaka, ndipo aŵerengere ndalama zake asanabzale. Adziŵenso kuti kubzala mizere ya thonje wamba m'mbali mwa munda si kutaya malo ayi, koma ndiyo njira yothandiza kuti mbozi zisapirire msanga mphamvu ya mbewuyo.

Nawonso aphunzitsi ali ndi udindo waukulu. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti chinthu chatsopano chayesedwa ndi yani, kuti, ndipo kwa zaka zingati, sadzanamizidwa ndi wamalonda, ndiponso sadzathaŵa chinthu chabwino chifukwa cha mphekesera. Mtundu wa anthu otere ndiwo ungagwire kalumo ka mlendo osadzitema.