Masiku awiri ku Kabula popanda maliro kapena chinkhoswe

Mabanja ambiri a ku Lilongwe akamapita ku Blantyre (Kabula) amakhala kuti aitanidwa. Mwina kwagwa zovuta ku Ndirande, mwina kuli chinkhoswe ku Chilomoni, kapena m'bale wagonekedwa ku chipatala cha Queens. Amafika kutada, amagona pabalaza kwa achibale, ndipo mwambo ukangotha ali kale pa depoti. Pakhoza kutha zaka khumi bambo ndi mayi asanayendepo awiriwiri mumzindawu kungoti maso adye.

Chonsecho ulendo wake si wovuta. Mtunda ndi wopitirira pang'ono makilomita 300 kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, ndipo wokwera basi Lachisanu masana amakadyera mgonero ku Kabula. Ana atsale ndi agogo awo. Ngati ndi mwezi wa June kapena July, juzi isaiwalike, chifukwa chiperoni cha kumeneko sichiona nkhope.

Loweruka m'mawa ndi bwino kuyambira ku Mandala. Nyumba yosanja ya kumeneko inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, yomwe inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina la malowa linachokera ku mandala amene John ankavala m'maso: anthu anayamba kumutchula choncho, kenaka dzinalo linagwira nyumba, kampani ndi dera lonse. Pansi pali malo ogulitsira zojambula ndi zosema, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi. Koma chokoma kwambiri ndi khonde ndi mithunzi ya panja, pamene anthu awiri amene kunyumba amangokambirana za fizi ndi mayunitsi a magetsi angakhale ola lathunthu akumwa khofi popanda wowaitana.

Kuchoka apo, ulendo ndi wa ku mishoni ya HHI, ndipo pamenepa sipofunika changu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene ankatsogolera ntchitoyo, Mbusa David Clement Scott, sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo panalibe pulani yolembedwa imene amisiri ankatsatira. Njerwa zinaumbidwa ndi kuwotchedwa pomwepo ndi anthu a m'midzi yozungulira, ambiri mwa iwo asanagwirepo ntchito yotere. Munthu akayandikira khoma amaona kuti njerwazo si za chikombole chimodzi: zina n'zopindika, zina zosongoka, zina zokhala ndi maluwa. Nsanja ziwiri za kumaso nazo n'zosiyana. Scott yemweyo ndiye analemba dikishonale ya Chimang'anja imene inatuluka mu 1892, choncho wowerenga Chichewa ali ndi chifukwa chachiwiri chochotsera chipewa. Chodandaulitsa n'chakuti maina a amisiri aja satchulidwa kawirikawiri ngati la m'busayo, pamene manja awo akuonekabe pakhoma.

Ku Chichiri kuli nyumba yosungira zinthu zakale, ndipo panja pake pali mutu wa sitima ya malasha ndi makina ena a makedzana. Ola limodzi likwanira.

Nkhani yaikulu ya tsikuli ndi chakudya, ndipo apa banja lanzeru limagawa ndalama pawiri. Masana palibe chifukwa choonongera: chipisi cha pachiwaya, kanyenya wothira tsabola wa kambuzi, kapena nsima ya nkhuku ya lokolo m'malesitilanti a pafupi ndi msika. Ku Limbe ndi m'tauni, kumene amwenye akhala akuchita malonda kwa zaka zoposa 100, samusa ndi biriyani n'zosasowa. Madzulo ndiye nthawi yovala bwino. Hotela ya Ryalls mumsewu wa Hannover yakhala ikulandira alendo kuyambira zaka za m'ma 1920, ndipo hotela ya Mount Soche ili chapafupi pomwepo. Chambo chowotcha ndi mpunga wa Kilombero chimadula ndithu, n'chifukwa chake mtengo ndi wofunika kuuona musanaitanitse. Koma mayi amene chaka chonse amayamba wagawira ana mnofu n'kutsala ndi mutu, ayenera kudyako nsomba yathunthu payekha, ndipo mbale atsuke ena.

Lamulungu lili ndi njira zitatu. Okonda mapemphero akhoza kubwerera ku St Michael kukamva nyimbo zikumveka m'kati mwa njerwa zija. A miyendo yolimba akalawirire ku phiri la Michiru, kumene munthu akafika pamwamba amaona Ndirande ndi Soche, ndiponso ndege zikutera ku Chileka. Amene ali ndi galimoto yawo angasankhe kutsetsereka msewu wa ku Thyolo kukaona minda ya tiyi ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, n'kugulako tiyi wopita naye kwa apongozi.

Masana basi imanyamuka. Pofika pa Lizulu dzuwa limakhala litapendeka, ogulitsa atazinga mawindo ndi mabeseni a tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere. Mayi amatsitsa mtengo, bambo amalandira majumbo, ndipo foni imalira: ana akufunsa ngati awagulira kanthu.