KAMALAYA KA UBWEYA WA MERINO: COBVALA CA M'KATI CA OKWERA MAPIRI

Mwezi wa May ukamatha, mwera ukayamba kuomba ndipo mame a m'madambo akayamba kuluma zala za kumapazi, anthu amakhamukira ku misika ya salaula kukafuna zobvala za cisanu. Pa msika wa Kapata ku Chipata, pa Soweto mu Lusaka, ngakhalenso pa timisika ta ku Katete, Petauke ndi Lundazi, belo likangotsegulidwa manja onse amathamangira majuzi akulu-akulu ndi majekete olemera. Timalaya topyapyala ta mikono itali timatsala pansi pa mulu, pakuti ogula amati kanthu kopepuka kotero sikangachinge mphepo.

Komatu pakati pa timalaya totsalato nthawi zina pamapezeka cobvala cimene anthu okwera mapiri ku Ulaya, ku Amereka ndi ku New Zealand amacigula ndi ndalama zambiri. Ndi kamalaya ka m'kati koluka ndi ubweya wa nkhosa za mtundu wa Merino, kamene kamabvalidwa pakhungu peni-peni, zobvala zina zonse n'kubwera pamwamba pake.

THUKUTA NDILO MDANI

Munthu akamakwera phiri thupi limatentha ndipo amatuluka thukuta ngakhale kunja kukuzizira. Ngati wabvala vesiti kapena malaya a thonje, nsaluyo imamwa thukutalo, imanyowa ndi kumamatira pamsana. Pamene akuyenda saona bvuto. Bvuto limayamba akakhala pansi kuti apumule pamwamba pa phiri pamene mphepo ikuomba, cifukwa madzi amacotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, pafupi-fupi nthawi 25. Kuonjezera apo, pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono.

Za ici anthu a ku Britain anaphunzira ndi misozi. M'mwezi wa March caka ca 1964, anyamata a gulu la Scout anali pa mpikisano wochedwa Four Inns, woyenda pansi makilomita oposa 60 m'mapiri a Peak District. Mvula ndi mphepo zinawapeza m'njira, ndipo atatu mwa iwo anamwalira ndi kuzizidwa. Dokotala Griffith Pugh, amene anali m'gulu loyamba kugonjetsa phiri la Everest m'caka ca 1953, anafufuza za imfa zotere, ndipo anaonetsa kuti zobvala zikanyowa ndi kuombedwa ndi mphepo zimataya pafupi-fupi mphamvu yake yonse yosunga kutentha. Munthu wozizidwa cotere amayamba kunjenjemera, kenaka lilime limalemera, amapunthwa-punthwa ngati woledzera, nzeru zimasokonezeka, ndipo ngati sathandizidwa msanga amagona tulo tosadzuka nato.

Mapiri ozizira cotere ali pafupi. Pa mtunda wa Nyika, kumpoto kwa Lundazi m'malire a Zambia ndi Malawi, dziko lakwera kuposa mamita 2,000, ndipo usiku wa June ndi July cisanu cimayeretsa udzu. Mapiri a Mafinga, kumene kuli nsonga yaitali koposa mu Zambia, akwera kuposa mamita 2,300. Ku Malawi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje yafika mamita 3,002, ndipo nkhungu ya ciperoni imakuta phirilo mwadzidzidzi. Anyamata onyamula katundu wa alendo ndi otsogolera njira m'malo amenewa ndiwo amene thukuta limawanyowetsa koposa onse. Koma ndi kucigwa komwe, wopalasa njinga ya malasha amene amanyamuka tambala woyamba asanalire, msodzi wocezera usiku pa bwato, ndi mai wothirira ndiwo kudimba m'bandakuca, onsewa amakumana ndi bvuto lomweli la thukuta lozizira pamsana.

Ubweya wa nkhosa umacita mosiyana ndi thonje. Ulusi wake umalowetsa cinyontho m'kati mwake, mpaka kufika pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, kunja kwake kusanamveke kunyowa. Ndiponso ulusiwo ndi wopota-pota mwacibadwa, kotero kuti nsalu yake imasunga mpweya wofunda pakati pa timaulusi. Sugwira fungo la thukuta msanga monga icitira nailoni ndi poliyesitala, cinthu cimene a paulendo wa masiku atatu kapena anai amayamikira, pamodzi ndi anzao ogona nao m'hema imodzi.

NANGA KUYABWA KUJA?

Ambiri amene anakula akubvala majuzi oluka pamanja kapena kufunda magombeza okhakhala amakumbukira kukanda khosi mpaka kufiira, ndipo ena anangotsimikiza mtima kuti thupi lao limadana ndi ubweya. Akatswiri a bungwe la CSIRO ku Australia anafufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1980, ndipo anapeza kuti kwa anthu oculuka cimene cimayabwa ndi kunenepa kwa ulusi. Nsonga za ulusi wonenepa ndi zolimba; zikakhudza khungu zimalasa ngati timinga ta citedze ndi kudzutsa timitsempha tomva kupweteka. Ulusi woonda ukakhudza khungu umangopindika.

Kunenepa kwa ulusi amakuyeza m'mamaikuloni. Maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu kawiri-kawiri limakhala pakati pa mamaikuloni 50 ndi 100. Ulusi woposa mamaikuloni 30 ndiwo umalasa, ndipo ngakhale utakhala wocepa cabe m'nsalu, khungu limaumva. Ubweya wa Merino nthawi zambiri sufika pa 24, ndipo umene amaluka nao zobvala za m'kati umakhala pakati pa 17 ndi 19. Ici ndico cifukwa cake munthu amatha kukabvala kamalayaka tsiku lonse popanda vesiti m'kati. Alipo ndithu ena amene khungu lao limacita zidzolo ndi mankhwala kapena utoto wa m'nsalu, ndipo oterewa ndi bwino kuti akaonane ndi a cipatala, koma ndi owerengeka.

NKHOSA YA MAFUMU

Mbiri ya nkhosa imeneyi ikhudza Afirika kuposa mmene ambiri adziwira. Kwao ndi ku Spain, kumene eni nkhosa anali ndi bungwe lamphamvu lochedwa Mesta, limene Mfumu Alfonso X inalikhazikitsa m'caka ca 1273. Kwa zaka mazana-mazana ubweya umenewu unali cuma ca dzikolo, ndipo munthu wotulutsa nkhosa yamoyo kunja kwa Spain popanda cilolezo cilango cake cinali imfa. M'zaka za m'ma 1700 mafumu a Spain anayamba kupatsa mafumu anzao nkhosazi ngati mphatso. Zina zinapita ku Saxony mu 1765, zina ku Rambouillet m'dziko la France mu 1786.

M'caka ca 1789 nkhosa zisanu ndi imodzi, zamphongo ziwiri ndi zazikazi zinai, zinafika ku Cape kucokera ku Holland kumene nyengo yacinyontho inazikana, ndipo zinasungidwa ndi msilikali wamkulu, Robert Jacob Gordon. Iye atamwalira, mkazi wake anagulitsa zina kwa oyendetsa zombo amene anapita nazo ku Sydney mu 1797. John Macarthur ndi mkazi wake Elizabeth anali ena mwa oyamba kuziweta kumeneko. Kucokera pa ciyambi cocepa cimeneci, Australia inasanduka dziko lotulutsa ubweya wabwino wa zobvala wambiri kuposa lina lililonse. Ku South Africa nkhosazi zinafalikira m'dziko louma la Karoo ndi ku Eastern Cape, ndipo ku Lesotho mabanja ambiri a m'mapiri amadalira ubweya wa Merino pamodzi ndi wa mbuzi za Angora.

Nkhosa za m'midzi ya Zambia, zija za mcira wamafuta, pamodzi ndi za Dorper ndi Blackhead Persian, ndi za nyama. Thupi lao lili ndi ceya cokhakhala cosayenera kuluka cobvala ca pakhungu. Motero kamalaya ka Merino kamafika m'dziko muno kucokera kunja, ndipo njira yake yaikulu ndi belo la salaula.

Okwera mapiri akale ankabvala ubweya. George Mallory, amene anasowa pa Everest mu 1924, mtembo wake unapezeka mu 1999 uli ndi zobvala zosanjikiza za ubweya, silika ndi thonje. Pambuyo pake nsalu za m'fakitale zinalanda malo cifukwa ndi zochipa ndiponso zimauma msanga. Ubweya unabwereranso m'zaka za m'ma 1990, pamene makampani onga Smartwool ku Amereka ndi Icebreaker ku New Zealand anayamba kuluka masokosi ndi timalaya ndi Merino woonda kwambiri.

KUSANKHA PA MULU

Wogula ayambe ndi kuwerenga kansalu kolembedwa kamene kamasokeredwa pakhosi kapena m'nthiti mwa cobvala. Mau ofunika ndi akuti "Merino". Liu lakuti "wool" lokha litanthauza ubweya wa nkhosa iliyonse, ndipo "acrylic" ndi ulusi wa m'fakitale umene umaoneka ngati ubweya koma sucita nchito ya ubweya. Cizindikiro ca Woolmark, cooneka ngati mpukutu wa ulusi wa mbali zitatu, cinayamba mu 1964 ndipo cimatsimikiza kuti ndi ubweya weni-weni watsopano. Za kufewa sicinena kanthu.

Pa zobvala zina pamalembedwa nambala monga 150, 200 kapena 250. Imeneyi ndi kulemera kwa nsalu, magalamu pa sikweya mita imodzi. Ya 150 ndi yopepuka, yoyenera munthu woyenda mwamphamvu masana. Ya 250 ndi ya usiku wa pa Nyika. Kwa munthu amene angathe kugula kamodzi kokha, ya 200 ndiyo imagwira nchito zambiri. Ngati palembedwa kuti ubweya wasakanizidwa ndi nailoni pang'ono, asakataye, pakuti Merino yekha ndi wosakhalitsa ndipo amabooka msanga pamene pamakhula zingwe za cikwama. Ici ndi cofooka cake ceni-ceni, pamodzi ndi kucedwa kuuma kuyerekeza ndi poliyesitala.

Cikhatho sicingaweruze za kuyabwa, makamaka cikhatho cozolowera khasu. Nsaluyo aikhudzitse pakhosi kapena m'kati mwa mkono kwa kamphindi. Ngati yalasa pamsika khungu lili louma, m'phiri idzalasa koposa, cifukwa khungu lofunda ndi lonyowa limamva msanga. Aikwezenso ku dzuwa kuti aone timaboo ta njenjete ndi malo operepeseka m'zigongono ndi m'khwapa. Ayang'ane misoko: yabwino ndi yosalala, ndipo wa paphewa ukhale pambali pang'ono kuti cingwe ca katundu cisaudinde pakhungu. Kamalayaka kazigwira thupi popanda kufinya. Kakakhala kotaya, mphepo imalowa m'kati ndipo thukuta limatsetsereka pamsana.

Ngati kansalu kolembedwa kanadulidwa, pali njira yakale. Munthu asolole kaulusi kamodzi m'msoko wa m'kati, ndi cilolezo ca mwini mulu, n'kukayatsa ndi macisi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera, umazima wokha, ndipo phulusa lake limanyenyeka pakati pa zala. Thonje limayaka msanga ndi kununkha ngati pepala. Ulusi wa m'fakitale umasungunuka n'kusiya kambulu kolimba. Pamenepa pali nkhani ina yofunika kwa mabanja oothera mbaula: nsalu ya m'fakitale ikagwira moto imasungunukira pakhungu, pamene ubweya sugwira moto msanga ndipo susungunuka. Mai wosankhira mwana cobvala ca cisanu aziganizirenso zimenezi.

Pamwamba pa kamalayaka m'pamene pamabwera juzi, ndipo pamwamba pa juzi jekete lochinga mphepo ndi mvula. Pokwera mtunda munthu abvule zapamwambazo asanayambe kutuluka thukuta, ndipo akaima azibvalenso asanayambe kunjenjemera. Kubvala vesiti ya thonje m'kati mwa Merino ndi kuononga ndalama.

KUCAPA NDI KUSUNGA

Zobvala zambiri za ubweya zimathera pa mwala wocapira. Ulusi wa nkhosa uli ndi timamba tosaoneka ndi maso. Ukakumana ndi madzi otentha, sopo wamphamvu ndi kupikicidwa, timambato timakolana, ndipo cobvala ca bambo cimasanduka ca mwana wa sukulu. Cikafota cotero sicibwereranso. Kamalayaka kacapidwe m'beseni la madzi ozizira ndi sopo wocepa, mongofinya-finya, osakamenya pa mwala, osakapotokola ndiponso osathiramo mankhwala oyeretsa. Kayanikidwe moyala pa nsalu youma pamwamba pa thandala, cifukwa kakapacikidwa pa cingwe kali ndi madzi kamatamuka.

Opanga amalangiza kuyanika pa mthunzi, koma kumadera kuno nchenche ya mphutsi imaikira mazira pa zobvala zonyowa za pa mthunzi ndi za pansi. Motero kakauma kasitidwe mbali zonse ziwiri ndi simbi yofunda cabe, poyala kansalu konyowa pamwamba pake.

August akamatha ndipo kutentha kukayamba, kamalayaka kacapidwe kasanasungidwe, pakuti mphutsi za njenjete zimakonda ubweya wa thukuta. Kakauma bwino-bwino kapindidwe ndi kuikidwa m'thumba lomanga pakamwa kapena m'citini cotseka, ndipo mwezi ndi mwezi kazitulutsidwa ndi kukutumulidwa panja. Kaboo kakang'ono kakaoneka kasokedwe tsiku lomwelo ndi ulusi woonda, cifukwa nsalu yoluka ikayamba kumasuka imapitirira mpaka m'mphepete.