Namgumi wa ku London ndi Nsagwada ya ku Uraha

Mmalawi akafika ku London, abale ake okhala kumeneko sachedwa kumutengera ku South Kensington kuti akaone Natural History Museum. Polowa salipira. Akangodutsa pakhomo, m'mwamba mwalendewera mafupa a namgumi otalika mamita 25, ndipo foni imatuluka m'thumba nthawi yomweyo. Madzulo ake zithunzi zili pa Facebook, pansi pake atalembapo kuti zoterezi kumudzi kulibe.

Wolemba mawu a pa Facebook amenewa amakhala munthu wamkulu ndithu, wa ana akeake, amene analowa mu myuziyamu komaliza ali ku pulayimale, atavala yunifolomu, aphunzitsi akukalipa kuti asakhudze kanthu. Ku myuziyamu ya ku Karonga sanapondeko phazi.

Kukula kwa nyumba ya ku London palibe angakutsutse. Inatsegulidwa mu 1881 ndipo imasunga zinthu pafupifupi 80 miliyoni. Koma mlendo wamkulu msinkhu ayenera kuwerenga timapepala ta m'munsi, aone kumene katundu yenseyu anachokera. Namgumi uja anafera pagombe la Wexford ku Ireland mu 1891. Dippy, chinyama chakale chimene chinkalandira alendo mpaka 2017, chinali chowumba, mafupa ake enieni ali ku Pittsburgh, ku America. Chibade cha munthu wakale chimene chinapezeka mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921 chili m'nyumba ya ku London yomweyo, ndipo dziko la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere kwawo, koma mpaka lero kuli zii. Ngakhale nsomba za m'nyanja ya Malawi zimene John Kirk anatola pa ulendo wa David Livingstone zinakatchulidwa maina a sayansi ku London mu 1864.

Ku Karonga nkhani ndi ina. Munthu akatsika zitunda za Chiweta pa msewu wa M1, nyanja ili kudzanja lamanja, amadutsa Chilumba. Chapafupi pomwepo pali mudzi wa Uraha, pamene mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, pamodzi ndi Amalawi a m'deralo, linapeza nsagwada ya munthu wa mtundu wa Homo rudolfensis. Ndi kafupa koti n'kukwana m'dzanja, mano ake akuluakulu akadali m'malo, koma zaka zake ndi pafupifupi 2.4 miliyoni. Chibade cha ku Kabwe chija, chimene akatswiri amati chili ndi zaka pafupifupi 300,000, ndi chadzulodzulo poyerekeza ndi nsagwada imeneyi.

Nanga zakazo anazidziwa bwanji? Apa ndi pamene wamkulu amapindula kuposa mwana wa sukulu, chifukwa amafunsa. M'dothi lomwelo munapezeka mano a nkhumba zakutchire zamakedzana. Mano a nkhumbazi ankasintha maonekedwe m'kupita kwa nthawi, choncho akatswiri anawayerekeza ndi ena a ku Ethiopia ndi Kenya, kumene phulusa la mapiri ophulika linathandiza kale kuwerenga zaka. Nguluwe zakale ndi zimene zinaulula msinkhu wa munthu wa ku Uraha.

Mu tauni ya Karonga, myuziyamu imene inatsegulidwa mu 2004 ili ndi mwini bwalo wake, Malawisaurus. Chinyamachi chaima pakati pa chipinda, khosi lalitali, mutu waung'ono, mchira uli tambalala. Chinkadya masamba zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nyanja ya Malawi isanakhaleko n'komwe. Sidney Haughton anachilemba koyamba mu 1928, ndipo dzina la dziko lino chinalilandira mu 1993, Louis Jacobs ndi anzake atakumbanso ku Mwakasyunguti. M'gulu limenelo munali mayi wa konkuno, Elizabeth Gomani, amene mu 2005 anatchula chinyama china kuti Karongasaurus. Ku London mlendo amaona fupa, koma dothi limene linatulukamo lili kutsidya la nyanja zamchere. Ku Karonga munthu amatuluka m'chipindamo, kukwera galimoto, tsiku lomwelo n'kukaima pa zigwembe zimene madzi a mvula akukokololabe mafupa.

Ndipo nkhani simathera pa zinyama. Woyenda m'chipindamo amafika pa mbiri ya Angonde ndi a Kyungu awo, pa Mlozi wogulitsa akapolo amene anagonjetsedwa mu 1895, pa nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani imene inamenyedwa pa Karonga pomwepo mu 1914, mpaka pa ndale za zipani zambiri. Gogo wa ku Kaporo akhoza kuloza chithunzi n'kutchula mudzi wake.

Chimene Angerezi achita bwino ndi kukopa akuluakulu. Science Museum, yoyandikana ndi nyumba ya namgumi ija, imatsegula madzulo ena kuti mulowe akuluakulu okha, ndipo anthu amapitako poweruka kuntchito. Kuno myuziyamu inasiyidwira ana a sukulu ndi azungu odzaona malo. Anthu a mu Blantyre amadutsa pa myuziyamu ya pa Chichiri tsiku ndi tsiku, ena popita kokagula zinthu, ena pothamangira mpira pa Kamuzu Stadium, maso n'kuponya pa sitima yakale ya malasha ili pabwalopo, koma osakhota. M'kati mwa nyumba imeneyo, yomwe inatsegulidwa mu 1966, muli mwala wolemera makilogalamu 93 umene unagwa kuchokera kuthambo ku Machinga mu Januwale 1981, ndipo ena mwa anthu amene anamva kugunda kwake akadali moyo.