Tebulo Lakale Musalinyoze

Pa msika wa Nchalo ndinagula tebulo lakale lopakidwa penti wobiriwira wochindikala. Nditafika nalo kunyumba, amayi a ana anaseka, nati ndagula nkhuni. Koma nditapala kunsi kwa mwendo wake ndi mpeni, panaoneka mtengo wofiirira wa mizere yokongola. Unali mlombwa. Inu makolo mukudziwa kuti mlombwa ndi m'bawa zikusowa tsopano, ndipo mipando yambiri yatsopano ndi ya paini, mtengo umene chiswe sichichedwa kuudya.

Mipando yambiri yogulitsidwa kuno kuchigwa inagonapo m'matope, ina m'madzi osefukira a Januwale 2015, ina m'madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. M'chaka cha 2015 ine ndinaononga mpando wa malemu bambo anga chifukwa cha changu. Ndinauyanika padzuwa kuti uume msanga, ndipo patangotha masiku awiri thabwa lokhalira linang'ambika pakati. Thabwa lonyowa likakhala padzuwa la kuno, kunja kumauma ndi kunyala pamene m'kati mukadali madzi, tsono limang'aluka. Tsukani matope, tulutsani madirowa, sanjikani mpandowo pa njerwa pakhonde popita mphepo, ndipo muuleke milungu itatu kapena inayi.

Musanagule, yang'anani kunsi. Mukaona timabowo totulutsa fumbi longa ufa, anankafumbwe ali m'kati. Dontheza-donthezani parafini m'timabowomo kangapo. Ena amapaka oilo wakuda wa galimoto. Pa nsanamira za khola palibe mlandu, koma pa tebulo lodyera ayi: amanunkha, ndipo vanishi sagwira pamwamba pake.

Penti wakale palani ndi chidutswa cha galasi, monga achitira amisiri a matabwa. Ntchitoyi gwirirani panja, mutanyowetsa pentiyo pang'ono, ana ali kutali, pakuti penti wina wakale ali ndi mtovu, ndipo fumbi lake limaononga ubongo wa mwana. Mukatero kwechani ndi sandipepa, woyamba wokhakhala wa nambala 80, kenaka 120, potsiriza 220, motsata mizere ya mtengo nthawi zonse. Mukakwecha mopingasa, zipsera zidzaonekera vanishi akangouma.

Popaka vanishi ndi pamene anyamata athu amalephera kudekha. Amafuna kumaliza tsiku limodzi, masana a Okotobala, ndipo vanishiyo amalimba burashi isanayende bwino, fumbi n'kumatirirapo. Pakani m'mamawa kusanatenthe, mutawaza madzi pansi kuti fumbi ligone. Koyamba musungunule vanishi ndi thapentaini pang'ono kuti alowe m'thabwa. Dikirani tsiku lathunthu, kwechani mopepuka, pakaninso. Kupaka mopyapyala katatu kumaposa kupaka mochindikala kamodzi.

Kusamala kwake sikulira ndalama zambiri. Kawiri pa chaka sungunulani phula la njuchi, mulichotse pamoto, muthiremo thapentaini, ndipo likazizira tikitani ndi kansalu kofewa. Poto wotentha ndi kapu yonyowa zimasiya mabala oyera, choncho yalani kamphasa. Tebulo langa lija miyendo yake ndinaikhazika pa timiyala tophwatalala, lisakhudze khoma, ndipo Loweruka lililonse mdzukulu wanga amasuzumira kunsi kuona ngati chiswe chayamba kumanga njira. Ndi pomwepo pamene ndimachongera makope a ana a Sitandade 6.